Mkango Sukhala pa Ndalama Pokha

Ngati kunyumba kukadali K5 ya mtundu uja tinayamba kugwiritsa ntchito mu 2013, itenge uitembenuze. Pali mkango. Pa K10 pali nungu, pa K50 kambuku, pa K100 njati, ndipo kumaso kwa zonsezo kwatera nkhwazi, mbalame yomwe ija ili pa mbendera yathu. Iwe mwana wa ku Kaunda Square wakula ukupinda mkango m'dzanja pothamangira kukantemba, waupereka kwa kondakitala pokwera basi ya m'tauni, wagulira vitumbuwa pa buleki. Koma ndikufunse: unaumvapo ukubangula usiku mpaka chifuwa chako kunjenjemera? Unaonapo phazi lake pamchenga wa Luangwa m'mamawa?

Ine ndinaona njovu yamoyo koyamba ndili bambo wa ana awiri. Manyazi anandigwira, pakuti mlendo amene ndinaima naye pafupi, wochokera kutsidya kwa nyanja, ankadziwa zambiri za njovu za dziko langa kuposa ine mwini dziko. Ndinabwerera kuno ndili ndi funso limene silinandichokebe: anatiuza ndani kuti tchire si lathu?

Palibe anatiuza ndi pakamwa. Tinangoona tokha. Pazithunzi za malo ogona alendo, wokhala pampando ndi mzungu, wonyamula thireyi ndi wakuda. M'mafilimu a zanyama, wofotokoza ndi wa ku London, ndipo mnyamata wa ku Mfuwe amene anapeza kambukuyo satchulidwa n'komwe dzina. Agogo athu kumudzi ankadziwa a gemu ngati anthu obwera kudzalanda nyama mumphika ndi kumanga amuna. Ndiye mwana wa m'komboni akamalemba ntchito zimene akufuna akadzakula amalemba unesi, uphunzitsi, usilikali, uloya. Za kusamala nyama ndi nkhalango sizifika n'komwe m'maganizo mwake, ngati kuti dziko limenelo lili ndi eni ake ena.

Eni ake ndiwe. Zambia ili ndi mapaki 20 ndi madera ena 36 ozungulira mapakiwo momwe anthu amakhala pamodzi ndi nyama, ndipo ukaphatikiza zonse ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a dziko lonse. Kafue yokha ndi makilomita 22,400 m'bwalo mwake. Munthu amene dera lathu lino linatengera dzina lake, a Kenneth Kaunda, ankakonda chigwa cha Luangwa mpaka kukhala ndi nyumba yopumulirako pa phiri la Chichele, ndipo South Luangwa inakhala paki mu 1972 iwo ali pampando. Kodi mwana wokhala m'dera lotchedwa dzina lawo angakhale mlendo kumeneko?

Tamvera za anthu awiri, chifukwa mawu olimbikitsa opanda munthu womuloza ndi chala ali ngati nsima yopanda ndiwo.

Woyamba ndi a Thandiwe Mweetwa. Makolo awo onse anamwalira iwo akadali kamtsikana, nakakhala ndi achibale ku Mfuwe, m'mphepete mwa South Luangwa. Kumeneko njovu si chithunzi cha pakalendala. Ndi chilombo chodya chimanga cha chaka chonse usiku umodzi, chotsekereza ana panjira ya kusukulu. Mwana wamasiye wa kumeneko anali ndi zifukwa zokwanira zodana ndi nyama. Koma analowa kalabu ya zachilengedwe ya pasukulu, imodzi mwa zija zimathandizidwa ndi bungwe la Chipembele Wildlife Education Trust. Kuchoka apo anayamba kugwira ntchito mongodzipereka ku Zambian Carnivore Programme, gulu lofufuza za mikango, akambuku, afisi ndi mimbulu. Anakaphunzira za nyama ku University of British Columbia ku Canada, kenako ku University of Arizona ku America, ndipo mu 2016 a National Geographic anawaika pa mndandanda wa ofufuza achinyamata odalirika padziko lonse. Ntchito yawo yakhala yolondola mikango yovala makolala a wailesi, kuiwerenga, ndi kuthandiza kuchotsa mawaya a misampha m'khosi mwa zilombo zokodwa.

Chimene chimandigwira mtima pa nkhani yawo si ndege anakwerazo ayi. Ndi chakuti atafika pamwamba sanakoke makwerero. Anatsogolera maphunziro a atsikana pa ntchito yosamala nyama m'bungwe lomwelo, momwe mtsikana womaliza giredi 12 amayenda ndi ofufuza m'tchire, kuphunzira kuyendetsa galimoto pamatope, kusintha tayala, kugwira chida cholondolera kolala, kulemba zimene waona mwadongosolo, iye ali pambali pa mkazi mnzake amene anadutsa kale njira yomweyo. Mtsikana wa ku Kaunda Square Stage 2, usadzanenenso kuti ntchito imeneyi ndi ya amuna. Kumunsi kwa Zambezi, bungwe la Conservation Lower Zambezi lili ndi gulu la alonda a nyama la akazi okhaokha lotchedwa Kufadza, ndipo amagona m'tchire ndi kunyamula katundu kumsana monga wina aliyense.

Wachiwiri ndi a Benson Kanyembo. Iwowa sanayambire m'kalasi ya yunivesite. Anayamba mu 1994 ku North Luangwa ngati wonyamulira katundu asikauti. Taganiza: anzako anyamula mfuti ndipo avala yunifolomu, iwe wasenza ufa, mapoto ndi matenti, dzuwa la m'chigwa likukuwotcha pamutu. Ambiri akanati ntchito yotere ndi yonyozeka. Iwo anasenza, maso ali tcheru, akuphunzira mmene akulu amawerengera mapazi, mmene amayendera motsutsana ndi mphepo, mmene amalankhulira ndi anthu a m'midzi. Anakwera pang'onopang'ono mpaka kudzatsogolera ndi kuphunzitsa alonda ku Conservation South Luangwa. Mu 2019 anaitanidwa ku London, komwe Prince William anawapatsa mphotho ya Tusk ya mlonda wa nyama wopambana mu Africa. Ndipo si iwo okha: a Solomon Chidunuka anailandira mu 2017, a Neddy Mulimo mu 2022. Mphotho imodzi, ana a Zambia atatu m'zaka zochepa. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Tsono ndikudziwa chimene ukunena mumtima. Ukuti, amalume, anthu amenewa anakulira pafupi ndi nyama, nanga ine wa pakati pa fumbi ndi mahutala a minibasi? Funso ndi loona, ndipo sindikunamiza. Ntchito ya usikauti wa m'midzi, imene imayendetsedwa ndi mabodi a anthu okhala m'madera ozungulira mapaki, imapatsidwa kwa ana a m'madera a mafumu omwewo. Ndipo n'zoyenera kutero. Amene munda wake umadyedwa ndi njovu ndiye woyamba kudya za njovuyo. Usapite kukalimbirana nawo mbale imeneyo.

Koma paki si mfuti ndi jombo zokha. Galimoto za m'tchire zimathyoka masipuling'i mwezi ndi mwezi, ndipo wozikonza ndi makanika. Mnyamata amene amathera tsiku pansi pa minibasi pafupi ndi msika wathu ali kale ndi theka la luso limenelo. Pali madokotala a nyama amene amalasa mkango ndi mankhwala ogonetsa kuti achotse waya. Pali okhala pa wailesi usiku wonse kulandira mauthenga a magulu olondera. Pali ojambula mapu pa kompyuta kuchokera pa zimene makolala akutumiza. Pali oyendetsa ndege zazing'ono. Pali osamala agalu onunkhiza minyanga, zipolopolo ndi ngaka pa malodibuloko. Pali maloya otsata milandu ya ozembetsa nyama m'makhoti, owerengera ndalama, ophika, aphunzitsi a ana, ojambula mafilimu, otsogolera alendo. Ndipo nkhondo yaikulu ya nyama zathu sikumenyedwa m'tchire mokha. Nyama yowamba yopha mozemba imagulidwa muno mu Lusaka, ndi anthu a mataye. N'chifukwa chake bungwe la Wildlife Crime Prevention linabweretsa kampeni yake yoletsa nyama yotereyi m'tauni muno. Amene angalankhule ndi anthu a Lusaka m'chinenero chawo, pa wailesi, pa Facebook, pamsika, ndi ndani kuposa iwe?

Tayang'ana kumene waima. Ukatuluka mu Kaunda Square n'kulowa mu Great East Road, pang'ono chabe wafika pa yunivesite ya UNZA, pamene pali sukulu ya madokotala a nyama yotchedwa dzina la Samora Machel, ndi sukulu ya sayansi ya zamoyo. Ana a ku Chama ndi ku Kalabo amayenda masiku awiri kuti afike pa geti limene iwe umalidutsa uli pa windo la basi ukuseweretsa foni. Ku Kitwe, Copperbelt University imaphunzitsa kasamalidwe ka nyama zakutchire ndi nkhalango, ndipo ku Mwekera kuli koleji ya zankhalango. Likulu la dipatimenti ya boma yoona za mapaki ndi nyama, imene inalowa m'malo mwa bungwe la ZAWA mu 2016, lili pa Chilanga pompa, ndipo apolisi a zanyama amaphunzitsidwa ku Chunga m'kati mwa Kafue. Amene afuna kupitirira amafika ku Mweka ku Tanzania, pansi pa phiri la Kilimanjaro, kumene akhala akuphunzitsa osamala nyama a mu Africa kuyambira 1963.

Ndipo paki ili pakhomo. Ambiri a ife sitidziwa kuti Lusaka ili ndi paki yakeyake kum'mwera chakum'mawa kwa mzinda, imene inatsegulidwa mu 2015. Ndi yaing'ono, ndipo mulibe mikango, koma muli mbidzi, nyamalikiti, nchefu ndi agwape amitundumitundu. Mu 2022 bungwe la Game Rangers International linasamutsira kumeneko ana a njovu amasiye amene kale ankaleredwa ku Lilayi, n'kutsegulanso malo ophunzirirapo ana asukulu. Pita ukaone mmene ntchitoyo imagwiridwira. Kamwana ka njovu kamene mayi ake aphedwa kamamwa mkaka maola atatu alionse, usana ndi usiku, ndipo olera ake amasinthana osakasiya kokha chifukwa kamafa ndi chisoni. Kakakula amakatengera ku Kafue kukazolowera tchire mpaka kadzalowe m'gulu la njovu zinzake. Ukafika usangojambula zithunzi. Yang'ana nkhope za olerawo. Ndi anthu akuda ngati iwe, olankhula zinenero zomwe umamva pamsika. Funsa mmodzi kuti anayamba bwanji.

Apa ndiye pagona nkhani yanga yonse: kufunsa. Satifiketi imakufikitsa pakhomo, koma wokulowetsa m'nyumba ndi munthu. Makolo athu ankadziwa zimenezi. Mlenje sankaphunzira ulenje pomva nkhani pabwalo. Ankanyamulira mkulu wake nkhwangwa ndi chikwama zaka zingapo, akuona, akudzudzulidwa, mpaka tsiku limene mkuluyo ankati lero tsogola ndiwe. Wosula makasu ankayamba ndi kupopa mvukuto. Mtsikana anali ndi namkungwi wake, mnyamata ndi phungu wake. Lero ntchito zasintha koma njira yophunzirira sinasinthe. A Thandiwe anali ndi owatsogolera m'kalabu ndi m'tchire. A Benson anali ndi asikauti amene ankawanyamulira katundu. Iwe wako ndani?

Kumupeza munthu wotere kuli ndi mwambo wake, ndipo achinyamata ambiri amalakwitsa poyambira pomwe. Amalemba uthenga pa foni wa mawu atatu, opanda moni, opempha ntchito kwa munthu amene sanamuonepo. Uthenga wotere umafufutidwa. Pita ndi kanthu m'manja. Gula kope la K10, uyambe kulemba mbalame zimene ukuona pano pomwe: akhwangwala a pa mulu wa zinyalala, apumbwa, njiwa, akakowa a m'madambo nthawi ya mvula, tsiku ndi malo ndi nthawi. Chita zimenezo miyezi isanu ndi umodzi osalumpha sabata. Anthu a BirdWatch Zambia amayenda maulendo oona mbalame. Kawapeze, kope lako lili m'manja. Munthu wamkulu pa ntchito imeneyi akaona mwana amene walemba miyezi isanu ndi umodzi popanda womutuma, amadziwa kuti wapeza wophunzira. Sayansi yonse ya nyama imayambira pamenepo, pa kuona ndi kulemba moona. Ukamupeza, fika pa nthawi, nyamula chimene wakupatsa, funsa funso limodzi labwino m'malo mwa makumi awiri, ndipo ukalonjeza lipoti Lachisanu lifike Lachinayi. Safunsa anadya phula, inde, komanso wofunsa ali manja m'thumba amabwerera chimanjamanja.

Ngati ukadali pasukulu, gwira bayoloje, masamu, jogalafe ndi Chingelezi ngati mmene umagwirira chenji cha amayi. Lowa kalabu. Agogo ako ndi makolo ako akudziwa za Chongololo, makalabu a bungwe la Wildlife and Environmental Conservation Society of Zambia amene akhalapo kuyambira zaka za m'ma 1970, ndi pulogalamu yawo ya pa wailesi imene ena a ife tinkaimvera titazungulira wailesi ya mabatire. Ngati pasukulu panu kalabu inafa, idzutse ndiwe. Pamafunika mphunzitsi mmodzi wovomera ndi ana khumi. Ngati unamaliza sukulu, limbikira laisensi yoyendetsera galimoto ndi maphunziro a chithandizo choyamba, chifukwa ziwirizi zimafunsidwa pafupifupi paliponse m'tchire. Tchera khutu za chionetsero cha ntchito za zachilengedwe chimene a Wildlife Crime Prevention amakonza muno mu Lusaka, pamene mabungwe ambiri amakhala pamalo amodzi ndipo ungathe kugwirana chanza ndi anthu amene umangowaona pa intaneti. Ndipo chenjera ndi akathyali olengeza ntchito zabodza n'kumati tumiza kaye ndalama pa foni kuti dzina lako lilowe. Ntchito yoona sigulidwa.

Ndisakubisire matope, poti walira mvula. Malipiro a poyambira ndi ochepa. Mabungwe ambiri amadalira thandizo la kunja, ndipo thandizo likaduka ntchito imadukanso. Udzakhala masabata osaona amayi ako, kumalo kopanda netiweki, ntchentche za kashembe zikukuluma, malungo akukuzonda. Opha nyama mozemba amanyamula mfuti zenizeni, njati yovulala sidziwa kuti unabwera kudzaiteteza, ndipo tsiku la 31 July chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira alonda amene sanabwerere kwawo. Udzakumananso ndi zitseko zouma. Mwana wa mlongo wanga anapita ndi kalata yake ku ofesi ina, atavala malaya obwereka, ndipo munthu wa pa desiki anamuyang'ana kuyambira kunsapato n'kumufunsa ngati ali ndi galimoto yake ndi ndalama zodzidyetsera miyezi itatu yogwira ntchito mongodzipereka. Anabwerako akulira. Imeneyo ndi nkhanza yobisika ya ntchito imeneyi: mwayi woyamba umapita kwa amene angakwanitse kugwira ntchito yaulere, ndipo mwana wa mayi wogulitsa tomato sangakwanitse.

Choncho ndili ndi mawu kwa inu akuluakulu amene muli kale m'kati, inu a mabungwe, a malo ogona alendo, a dipatimenti, aphunzitsi a ku yunivesite. Musamadabwe kuti pa misonkhano yanu nkhope ndi zomwezomwezo. Simunabwere kudzatitenga. Ngati mwana wa m'komboni muti aphunzire ntchito, mupatseni ya basi ndi ya chakudya. Si mphatso, ndi mtengo wotsegulira chitseko. Lengezani mwayi pa wailesi za m'Chinyanja ndi pa zitseko za matchalitchi, osati pa intaneti pokha m'Chingelezi cha maloya. Aliyense wa inu atenge mwana mmodzi, mmodzi yekha, wa ku Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere, George kapena kuno kwathu, ayende naye chaka chathunthu, amuwerengere kalata yake yofunsira ntchito, amuimbire foni akakhala chete. Inunso pali wina anakugwirani dzanja.

Inu makolo, mwana akati ndikufuna kuphunzira za nyama musamuseke kuti adzadya udzu. Kumbukirani 2024, pamene mvula inakana, chimanga chinapserera m'minda, madzi ku Kariba anatsika ndipo tinkakhala mumdima pafupifupi tsiku lonse, mabizinesi a saluni ndi owotcherera zitsulo ataima. Madzi a m'mipopi yathu amachokera ku mtsinje wa Kafue ndi pansi pa nthaka ya mzinda uno, ndipo nkhalango ngati Forest 27 kum'mawa kwathuku, kumene kumayambira mtsinje wa Chalimbana, ndizo zimamwetsa nthakayo. Thumba lililonse la malasha lolowa mu Lusaka pa njinga ndi mtengo umene wagwa kwinakwake. Amene adzadziwe kusamala zimenezi sadzasowa chochita m'dziko lino.

Ndipo zotayika zimabwerera pakakhala anthu. Chipembere chakuda chinatheratu m'Zambia, ndipo mu 1998 boma linavomereza kuti palibenso ngakhale chimodzi. Mu 2003 zoyamba zinatsika m'ndege ku North Luangwa kuchokera ku South Africa, ndipo lero zikuswana kumeneko, zikulonderedwa usana ndi usiku ndi ana a dziko lino. Ena mwa iwo tsitsi layamba kuyera, mawondo ayamba kudandaula pokwera zitunda. Akufuna wowalandira chikwama.

Mwana wa kwathu, Loweruka likubwerali usagone mpaka dzuwa kufika pamutu. Itana anzako atatu, sonkhanani ya basi ndi ya pageti, munyamule botolo la madzi, kope ndi bolopeni, mupite ku Lusaka National Park. Mukaona wovala yunifolomu, mupatseni moni mwaulemu, mutchule dzina lanu ndi kumene mwachokera, ndipo mumufunse kuti tsiku lake loyamba pa ntchito linali lotani.